Kuona ndi kujambula mbalame ndi nyama zakuthengo: kuyambira pakhomo mpaka ku Liwonde

Munthu akayamba kukopeka ndi mbalame, funso lake loyamba limakhala lakuti kamera yabwino imagulidwa ndalama zingati. Funso limenelo lisungeni kaye. Chithunzi cha nkhwazi ikutsomphola nsomba pamadzi chimayambira pa kudziwa mtengo umene nkhwaziyo imakonda kutera, nthawi imene imasaka, ndi kumene dzuwa lidzakhale panthawiyo. Kamera imangotsiriza ntchito imene maso ndi makutu agwira kale. M'Malawi muno muli mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo yoposa 400 inaonedwapo ku Liwonde kokha. Zojambula zilipo zambirimbiri; amene amasowa ndi munthu wotha kukhala phee kwa ola lathunthu osagwira foni. Malangizo awa ndawatsamiritsa ku Liwonde chifukwa kumeneko mbalame za m'madzi, za m'thengo ndi nyama zikuluzikulu zimapezeka pamodzi, koma sukulu yake imayambira kuseri kwa nyumba yanu.

Yambani ndi pumbwa wa pakhomo

Sankhani malo amodzi pafupi ndi kwanu: pansi pa mtengo wa mango, m'mphepete mwa dimba, kapena pakhonde loyang'ana kumaluwa. Muzikhala pamenepo m'mawa uliwonse kwa mphindi 20 kapena 30, kamera mutaisiya m'nyumba, m'manja muli kope ndi pensulo basi. Masiku oyamba mudzangoona kuti kuli mbalame. Pakatha sabata mudzayamba kuzindikira kuti pumbwa amafika pa papaya wakupsa nthawi yofanana tsiku ndi tsiku, kuti choso amazungulira maluwa motsata njira imodzimodzi, ndi kuti njiwa zikabalalika mwadzidzidzi ndiye kuti kumwamba kwadutsa mphamba.

Mbalame yachilendo ikatera, musathamangire dzina lake. Yambani mwaiyang'anitsitsa, chifukwa ikhoza kuuluka musanatsegule n'komwe buku. Onani kukula kwake poyerekeza ndi zimene mukuzidziwa: ndi yaing'ono kuposa pumbwa, yofanana ndi njiwa, kapena yofika pa khwangwala? Kenako mlomo. Waufupi wonenepa ndi wa mbalame yodya njere monga mpheta, wautali wopindika ndi wa yoyamwa maluwa, wangowe ndi wa yodya nyama. Mukatero onani mchira, miyendo, ndi chimene ikuchita: ikupalasa pansi, ikukwera thunthu la mtengo, kapena ikuchoka panthambi kukawakha chouluka n'kubwerera pomwepo? Mtundu wa nthenga ukhale womaliza, poti umanamiza. Kuwala kukasintha nawo umasintha, ndipo yaimuna, yaikazi ndi mwana wawo nthawi zambiri sizifanana. Lembani zonsezi pamodzi ndi tsiku ndi nthawi. Kulira kwake nakonso kulembeni mmene mwakumvera, ngakhale ndi mawu oti wina akawerenga angaseke.

Nthawi ya chilimwe thirani madzi m'phale n'kuliika pamthunzi pafupi ndi chitsamba, mutaponyamo mwala kuti tating'ono tizipeza poponda. Madziwo muzisintha tsiku lililonse kuti udzudzu usaswane, ndipo pakhale poti mphaka sangabisale. Zithunzi zanu zoyamba zooneka bwino zidzachokera pa phale limeneli.

Aphunzitsi a m'mudzi musawanyoze. Mnyamata wa legeni amadziwa pamene nkhwali zimagona, msodzi amadziwa gombe limene akakowa amasonkhana madzulo, ndipo agogo ali ndi mayina amene simudzawapeza m'buku lililonse. Afunseni mwaulemu, ndipo amene wakuperekezani mumugwire m'manja ndi kangachepe. Chokhacho, chisa chimene mwachipeza nokha musachionetse wa legeni.

Zoti mugule, ndi zoti musagule

Chogula choyamba ndi mabinokyula, magalasi oonera kutali aja. Pathupi pake pamalembedwa manambala awiri, monga 8x42. Nambala 8 ikunena kuti chinthu chikuyandikizidwa maulendo 8, ndipo 42 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita, lomwe limalowetsa kuwala. A 8x42 kapena 10x42 ndi okwanira. Otchipa aja olembedwa manambala oopsa ngati 20x50 asiyeni: amanjenjemera m'manja, ndipo mbalame imachoka musanaipeze. Kagwiritsidwe kake kali ndi chinsinsi chimodzi. Maso akhale pa mbalame, mabinokyulawo ndiwo akwere kudzapeza maso. Mukaweramira pansi kuti muwatenge, podzutsa mutu mupeza masamba okhaokha.

Foni imajambula bwino njovu, mvuu ndi malo, koma kambalame kamangotuluka kadontho. Kukoka chithunzi ndi zala sikuyandikiza kanthu, kumangochiwononga. Njira yothandiza ndi kugunditsa kamera ya foniyo pa diso limodzi la mabinokyula atatsamira pa chinthu cholimba. Poyamba zimatopetsa, koma chithunzi chake chimakwanira kuti mudziwe mbalame imene mwaona.

Mukafika pogula kamera, ndalama zambiri zipite ku lenzi, galasi lakutsogolo limene limakoka zakutali; mamilimita ake akachuluka ndiye kuti limakoka patali. Yochepera mamilimita 300 ikusiyani mukung'ung'udza; ya 400 kapena kuposa ndiye yabwino. Thumba likakana, pali makamera otchedwa bridge, amene lenzi yake siichotsedwa koma imakoka patali kwambiri. Kukawala amagwira bwino ntchito, kungoti kukachita kamdima zithunzi zake zimatuluka zamchengamchenga. Pogula yogwiritsidwa kale ntchito, unikani mkati mwa lenzi ndi tochi ya foni. Mukaona timizere toyera titayanga pagalasi, chimenecho ndi chuku, ndipo musagule ngakhale mwiniwake atatsitsa mtengo. Batire lachiwiri ndi memory card yachiwiri si zodzionetsera. Ndi mmene magetsi amazimira kwathu kuno, tchajani zonse dzulo lake masana, osadikira usiku.

Kenako pitani kwa telala akusokereni kathumba ka nsalu yolimba kokhala ndi zipi, mudzazemo nyemba kapena mpunga makilogalamu awiri. Mukakaika pawindo la galimoto n'kugonekapo lenzi, kamera imakhazikika bwino, ndipo m'galimoto kathumba kameneka kamaposa choimikira cha miyendo itatu chodula chija.

Valani khaki, zofiirira kapena zobiriwira mozimirira. Zoyera zimaonekera kutali. Zabuluu ndi zakuda zimaitana kashembe. N'chifukwa chake nsalu zotchera kashembe zimene zimapachikidwa m'nkhalango zimakhala za mitundu iwiri imeneyi. Onjezani chipewa, nsapato zotseka, madzi akumwa ambiri ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu. Perefyumu atsale kunyumba.

Nyengo ndi nthawi

Nyama zikuluzikulu zimaoneka mosavuta kuyambira Juni mpaka Okutobala. Udzu wauma, mitengo ya tsanya yayoyola masamba, zithaphwi zaphwa, ndiye chilichonse chimatsikira ku Shire kukamwa. Okutobala ndi mwezi wa nyama zambiri, komanso wa kutentha kosasimbika ndi utsi wa moto wolusa umene umaphimba mapiri. Mbalame zili ndi kalendala yakeyake. Kuyambira Novembala mpaka Epulo kumafika alendo ochokera ku Ulaya, ku Asia ndi kumpoto kwa Africa, ndipo nthawi yomweyo mpheta zazimuna zimavala nthenga zachikasu ndi zofiira n'kuyamba kuluka zisa. Vuto la dzinja ndi misewu: dothi lamakande likanyowa limagwira galimoto, misewu ina imatsekedwa, ndipo chimene chimapulumutsa ndi boti. Woyamba kumene ndingamulangize Juni kapena Julayi, kunja kukuzizira, mpweya uli woyera.

M'mwezi wa Novembala dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko, mu Juni cha m'ma 6. Maola awiri kapena atatu oyambawo ndiwo amtengo wapatali: mbalame zili kalikiliki kudya ndi kuimba, ndipo kuwala kumabwera cham'mbali n'kuwalitsa diso. Kuyambira 10 koloko dzuwa limachokera pamwamba, nkhope ya nyama imalowa mumthunzi, ndipo mpweya wotentha umagwedera pamwamba pa nthaka moti chinthu chakutali chimatuluka chosaoneka bwino ngakhale kamera ikhale yodula chotani. Pumulani pamthunzi, idyani, mubwererenso cha m'ma 3 koloko.

Kukonza ulendo

Nkhalango ya Liwonde inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakuthengo. Chipata chachikulu chili makilomita ochepa kuchokera m'tauni ya Liwonde. Mzika za Malawi zimalipira ndalama zochepa kusiyana ndi alendo akunja, choncho chiphaso cha unzika chikhale m'thumba. Mitengo imasintha, imbani foni musananyamuke, mufunsenso nthawi yotsegulira chipata ndi ya boti. Ngati mungathe, gonani pafupi. Wonyamuka ku Blantyre kapena ku Lilongwe m'mawa womwewo amafika kuwala kwabwino kutatha.

Wokuperekezani mumuuziretu chimene mwabwerera. Ambiri anazolowera alendo ofuna mkango ndi njovu, ndiye mbalame amangozidutsa. Mukanena kuti, "Achimwene, ine ndabwerera mbalame, tiziima ngakhale pa timba," mudzadabwa ndi zimene akudziwa. Nkhani ya oyenda nawo njovutirapo. Abale ofuna kudzijambula okha ndi kuyatsa nyimbo muwatengere tsiku lina, apo ayi mudzabwerera mutadana.

Pa boti

Shire amatuluka m'nyanja ya Malawi ku Mangochi, n'kudutsa m'nyanja ya Malombe, kenako n'kutsetsereka chakummwera kudzera m'nkhalangoyi. Zimenezi zili ndi ntchito kwa wojambula. M'mawa dzuwa limawalira gombe lakumadzulo. Madzulo limawalira gombe lakummawa, kumene kuli gawo lalikulu la nkhalango ndi kumene njovu zimatsikira. Choncho pa boti la m'mawa maso akhale kumadzulo, pa mbalame za m'mabango ndi m'migwalangwa, pamene la madzulo ndi la njovu, anakodzwe ndi ng'ona zogona pagombe lakummawa. Kulikonse mungakhale, mthunzi wanu uziloza chimene mukujambula.

Khalani kutsogolo kapena m'mbali, poti mutu wa mnzanu sukutchingani. Injini ikamalira boti lonse limanjenjemera, ndiye zigongono musatsamize pachitsulo. Zipanikizeni m'nthiti mwanu. Mukayandikira chinthu chabwino, pemphani woyendetsa azimitse injini mukadali kumtunda kwake, madzi akutengereni pang'onopang'ono. Mbalame zimalekerera boti loyandama mwakachetechete kufika pafupi kwambiri kuposa munthu woyenda pansi. Dzanja musaviike m'madzi.

Migwalangwa yoyera ngati yapakidwa laimu ndi pogona mphipi. Zitosi zake ndizo zimayeretsa. Chisa chachikulu cha timitengo pamphanda ya mtengo n'cha nantchengwa. Kambalame ka mawanga akuda ndi oyera kamene kamaima m'malere kakukupiza mapiko pamalo amodzi kasanadziponye m'madzi ndi pied kingfisher, ndipo n'kabwino kuphunzirirapo kujambula mbalame youluka, poti kamakudikirani. Pamchenga wa pakati pa mtsinje nthawi ya chilimwe pamakhala African skimmer, ya mlomo wofiira wam'munsi wotalika, imene imauluka ikung'amba madzi. Imaikira mazira pamchenga pomwepo, choncho boti lisakocheze pamenepo ndipo lisadutse liwiro n'kuutsa mafunde. M'mitengo ikuluikulu ya masamba ambiri yoweramira m'madzi mumabisala kadzidzi wamkulu wofiirira wodya nsomba, Pel's fishing owl, amene anthu amamukwerera ndege kuchokera kutali. Popanda munthu wodziwa mtengo wake mungadutse pansi pake osamuona.

Kutchera kamera

Chimene chimawononga zithunzi zambiri za mbalame ndi kugwedezeka. Ikani kamera pa S, kapena pa Tv ngati ndi ya Canon, kuti liwiro la shutter, kachitseko kolowetsa kuwala, musankhe ndinu; ISO, yomwe ndi mphamvu ya kamera yolandirira kuwala, muisiye pa Auto. Mbalame yotera imafuna 1/500 mpaka 1/1000 ya sekondi. Pa boti musatsike pansi pa 1/1000. Youluka imafuna 1/2000, ndipo tothamanga ngati namzeze timafuna 1/3200. Njovu yongoima, lenzi itatsamira pa kathumba kaja, 1/320 ikwana. Kuwala kukachepa ISO idzakwera mpaka 3200 kapena kuposa, ndipo chithunzi chidzachita mchenga. Lolerani. Chamchenga chimakonzeka pakompyuta, chogwedezeka n'chotaya.

Focus, imene imasankha pamene chithunzi chituluke chakuthwa, ikhale yotsatira chinthu choyenda, imene pa Nikon ndi Sony imalembedwa AF-C, pa Canon Servo. Sankhani kadontho kamodzi kapena kagulu kochepa n'kukaika pa diso. Diso likatuluka lakuthwa, oona amakhululukira mchira wosaoneka bwino. Diso likalephereka palibe chokhululuka. Mbalame ikakhala m'kati mwa nthambi kamera imagwira tsamba lakutsogolo, ndiye sunthani thupi pang'ono mpaka mutapeza mpata woyera. Tcherani kuti izijambula motsatizana, koma muzidina mwachidule, zithunzi zitatu zinayi n'kusiya.

Kamera imasokonezeka ndi zoyera. Kakowa kapena mutu wa nkhwazi uli padzuwa, kumbuyo kuli mitengo yakuda, umatuluka woyera mbuu wopanda nthenga ndi imodzi yomwe yooneka. Pali batani lolembedwa +/-, loonjezera kapena kuchepetsa kuwala kwa chithunzi. Tsitsani mpaka -1. Mbalame ikakhala kumwamba, kumbuyo kuli mitambo yowala, kwezani mpaka +1, apo ayi mupeza chithunzithunzi chakuda bii. Mukatha bwezerani pa 0 nthawi yomweyo.

Tsono apa ndi pamene kope lija limabweza thukuta. Mbalame zikuluzikulu zimanyamuka ndi kutera zitayang'ana kumene mphepo ikuchokera, choncho mukaima mphepo ndi dzuwa zili kumsana kwanu, zimanyamuka zikubwera kwa inu. Zambiri zisanauluke zimayamba zanyera, kapena zimawerama n'kumasula mapiko pang'ono. Mukaona zimenezo chala chikhale pa batani. Nkhwazi polira imaponya mutu chagada, ndipo imodzi ikayamba inzake imayankha, ndiye mukamva yoyamba lozetsani kamera kwa yachiwiri. Mbalame zowakha njuchi ndi touluka, monga Böhm's bee-eater amene Liwonde amadziwika naye, zimabwerera pa kanthambi komweko kambirimbiri. Musazithamangitse ndi lenzi. Ikani focus pa kanthambiko n'kudikira.

Musanadine yang'anani kumbuyo kwa nyamayo. Nthambi yotuluka pamutu kapena thambo loyera zimapha chithunzi, ndipo nthawi zambiri kusuntha phazi limodzi kumakonza zonse. Tsikani kufika pa msinkhu wa diso lake ngati pali potetezeka, ndipo siyani mpata kumene yayang'ana.

Mukakhala pansi

M'nkhalango ngati ya Liwonde simutsika m'galimoto pokhapokha pamalo ololedwa, ndipo kuyenda wapansi kumafuna msilikali wa gemu wonyamula mfuti. Kudambo, kuphiri kapena kumunda ndiye mumadziyendera nokha. Mbalame musailunjike. Yendani cham'mbali ngati muli ndi zanu zina, mapazi angapo n'kuima. Ikasiya kudya n'kutalikitsa khosi, imani, muyang'ane kwina mpaka iyambenso kudya. Musaloze ndi mkono. Gwape ndi mbawala amadalira mphuno, choncho chitani za alenje: mangani phulusa pang'ono m'kansalu, mukakagwedeza muona kumene mphepo ikupita, ndipo muziyenda ikukuombani kumaso.

Koma njira yoposa zonse ndi kusayenda n'komwe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani pansi mutatsamira thunthu la mtengo kuti maonekedwe anu asokonezeke, mutayamba mwaona kuti palibe linthumbu kapena mphiri. Mphindi zoyamba thengo limakhala zii chifukwa cha inu. Pakatha mphindi 15 kapena 20 limakuiwalani, ndipo zimene mukanazithamangitsa tsiku lonse zimabwera zokha. Pachithaphwi cha m'dimba mwanu mungamange kachisakasa ka udzu n'kukasiya masiku angapo kuti mbalame zikazolowere musanayambe kulowamo.

Pachisa pamafunika mtima. Musadule nthambi kuti chioneke bwino, chifukwa nthambi yomweyo ndi imene imachibisa kwa khwangwala ndi kuchitchinga kudzuwa. Kholo likamazungulira ndi chakudya kukamwa osalowa, mwayandikira kwambiri, bwererani. Ena amaliza kulira kwa mbalame pafoni kuti ituluke. Imatulukadi, koma imatuluka poganiza kuti mdani walowa m'dera lake, n'kusiya mazira kapena ana. Ine ndimaona kuti chithunzi chotere sichiyenera mtengo wakewo. Anyani musawaponyere chakudya, ndipo drone musaulutse m'nkhalango popanda chilolezo.

Nyama zikuluzikulu

Galimoto ndiyo chisakasa chanu. Nyama zinazolowera maonekedwe ake, koma mukatulutsa mutu ndi mapewa pawindo zimaona munthu. Yendani pang'onopang'ono, onani kumene nyama ikulowera, kaimeni kutsogolo chapatali n'kuzimitsa injini kuti iyo ikupezeni. Woithamangira kumbuyo amabwerera ndi zithunzi za matako.

Phunzirani kumvera nyama zina. Nswala zikaima zonse n'kuyang'ana mbali imodzi zikufwenthera, kapena anyani akamakuwa ali pamwamba pa mitengo, yang'anani kumene akuyang'ana. Zilombo zinabwezeretsedwa ku Liwonde: cheetah mu 2017, mikango mu 2018, mimbulu mu 2021. Miimba ikadzazana mumtengo umodzi, pansi pali nkhani. Podikira zilombozo musanyoze njiri. Imagwada podya, imathawa mchira uli njo, imagubuduka m'matope, ndipo palibe galimoto ina imene idzakupanikizeni pa iyo.

Njovu mudzakumana nazo ndithu. Zinachulukana moti mu 2016 ndi 2017 pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi ku Majete zinasamutsidwira ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinapita ku Kasungu. Musanazimitse injini, galimoto iyang'ane kothawira. Musalowe pakati pa make ndi mwana, ndipo musatseke njira yopita kumadzi. Kukupiza makutu pang'onopang'ono ndi kudzizizitsa chabe. Koma ikakuyang'anani itadzutsa mutu, makutu itatambasula, n'kupukusa mutu kapena kukankha fumbi ndi phazi, ikunena kuti mwafika pafupi. Bwererani mwakachetechete, osaliza hutala. Yamphongo imene ikuchucha madzi amafuta m'mbali mwa mutu n'kumadontheza mkodzo m'miyendo yakumbuyo ili pa nyengo yaukali. Ipatseni msewu wonse. Zithunzi zokoma za njovu zimabwera ikamadzithira fumbi dzuwa likupendeka, kapena ikamaoloka mtsinje chitamba chili m'mwamba. Ikakhala pafupi, jambulani diso, makwinya a khungu, kapena nsonga ya chitamba ikuthyola tsamba.

Mvuu yoyasamula ndi chithunzi chimene aliyense amachifuna, koma dziwani kuti si tulo, ikuonetsa mano pochenjeza. Imadya kumtunda usiku n'kubwerera m'madzi m'mamawa, ndipo munthu woima pakati pa iyo ndi madzi ali pangozi yaikulu. Tinjira tolimba tochokera kumtsinje ndi take, musaimepo. Langizo lija lotsika pansi pojambula silikhudza m'mphepete mwa Shire. Wonjuta pagombe kufuna chithunzi cha bakha ndi amene ng'ona imamufuna.

Malo ena

Nyanja ya Chilwa, imene inalowa m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 1997, ndi ya mbalame za m'madzi. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo imaphwa nthawi zina, monga zinachitikira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, choncho funsani kaye za kuchuluka kwa madzi musanatsike ku Kachulu kuchokera ku Zomba. Mukafika perekani moni kwa akuluakulu a padoko, gwirizanani mtengo wa bwato musanakwere, ndipo msodzi musamujambule musanamupemphe. Ku Nyika kuli chilembwe, nchefu ndi mbidzi poyera popanda chotchinga, koma tengani zovala za mphepo zenizeni. M'nkhalango zowirira za ku Zomba ndi ku Mulanje muli mdima, ISO imakwera, ndipo makutu amagwira ntchito kuposa maso. M'miombo ya ku Dzalanyama mutha kuyenda ola lathunthu kuli zii, kenako n'kukumana ndi gulu la mbalame za mitundumitundu zikudyera limodzi; mukalipeza litsateni mpaka litakusiyani. A ku Lilongwe ali ndi nkhalango ya m'mphepete mwa Lingadzi pakati penipeni pa mzinda, yoyesererako Loweruka m'mawa.

Mukabwerera kunyumba

Tsitsani zithunzi tsiku lomwelo n'kuzisunga malo awiri, foda mutailemba tsiku ndi malo. Fufutani mopanda chisoni. Pa zithunzi 20 za kakowa mmodzi sungani ziwiri. Fumbi la palenzi lichotseni ndi kopemerera kapena kaburashi kofewa, osati ndi malaya. Nthawi ya dzinja kamera isagone m'chikwama chonyowa. Iikeni m'bokosi lotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano.

Mndandanda wa mbalame zimene mwaona mungaulowetse pa eBird, tsamba la pa intaneti losungira mbalame zimene anthu aona, kumene ofufuza amaugwiritsa ntchito, ndipo mukafuna anzanu oyenda nawo funsani nthambi ya Wildlife and Environmental Society of Malawi ya kufupi ndi kwanu.

Pali nyama zina zimene malo ake sanenedwa. Zipembere za ku Liwonde, kuphatikizapo 17 zimene zinachokera ku South Africa mu 2019, zimalonderedwa usana ndi usiku, ndipo ngaka imasakidwa ndi ozembetsa ngakhale lamulo limene linakhwimitsidwa mu 2017 limalola chilango cha zaka mpaka 30 kundende. Foni ndi makamera ena amabisa m'chithunzi malo enieni amene mwajambulira. Ambiri timatumiza zithunzi pa WhatsApp ngati dokyumenti kuti zisaphwanyike, koma zikapita choncho malowo amapita nawo limodzi. Zimitsani location ya kamera musanalowe pachipata, ndipo chithunzi cha chipembere mukachiika pa Facebook musalembe msewu, dziwe kapena tsiku limene mwachiona.